Juzi ya Zingwe Yokwana Thupi Lanu: Mafunso ndi Mayankho

Juzi ya mabatani yokhala ndi zingwe zopotana imadya nthawi. Ena imawatengera mwezi, ena nyengo yonse yachisanu. N'chifukwa chake zimawawa kuimaliza, kuivala, n'kupeza kuti mabatani akukokana pachifuwa kapena mikono yaphimba zala. Kawirikawiri wolukayo amakhala kuti sanaphonye sitichi ngakhale imodzi. Anangotsatira pateni monga inalembedwera, pomwe pateniyo inalembedwa poyeza thupi lina, ndipo inalukidwa ndi dzanja lina. Pateni imasinthika, bola mudziwe pamene mungaikhudze ndi pamene muyenera kuisiya.

Kodi zingwe zimenezi zimapangika bwanji? Zimaoneka zovuta kwambiri.

Maso ndiwo amaopa. Kuluka konse kuli ndi masitichi awiri, amene mapateni amawatchula kuti knit ndi purl. Knit imaoneka ngati chilembo cha V, purl imasiya kachotupa kopingasa. Chingwe ndi masitichi a knit amene asinthana malo, basi.

Tinene kuti chingwe chanu n'cha masitichi 6. Mukafika pamenepo, mumachotsa atatu oyamba n'kuwaika pa kasingano kakafupi, mumaluka atatu otsatirawo, kenako n'kubwerera kudzaluka aja munawadikiritsa. Kasinganoko mukakagwira kutsogolo kwa ntchito, chingwe chimapendekera kumanzere. Mukakagwira kumbuyo, chimapendekera kumanja. Mapateni ambiri amalemba C6F ndi C6B: F ndi kutsogolo, B ndi kumbuyo. Kupota kumachitika pa mzere umodzi wokha, ina yonse mumangoluka wamba mpaka nthawi yopotanso itakwana, mwina pakatha mizere 6 kapena 8. M'mbali mwa chingwe mumakhala masitichi a purl, amene amalowa m'kati kuti chingwecho chitumphuke.

Aliyense amene analukapo mwana tsitsi akudziwa kale zimenezi: nkhosi imodzi imadutsa pamwamba pa inzake, ndipo tsitsi lolukidwa limakhala lopapatiza kuposa lomasula. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, chifukwa mavuto ambiri a juzi zotere amachokera pomwepa. Chingwe chimakoka nsalu. Masitichi 12 a chingwe amatenga malo ochepa kuposa masitichi 12 wamba.

Kasingano kakafupi kaja musavutike kukafunafuna m'masitolo. Kamtengo kansungwi kosalazidwa bwino kamagwira ntchito yomweyo.

Ndinamva kuti ku Ireland banja lililonse linali ndi zingwe zakezake, kuti msodzi akamira azimuzindikira ndi juzi. Ndi zoona?

Nkhaniyi imakoma, ndipo ogulitsa majuzi amaikonda, koma umboni wake palibe. Majuzi odzaza ndi zingwe amatchedwa a Aran potengera zilumba zitatu za kumadzulo kwa Ireland, kufupi ndi Galway: Inis Mór, Inis Meáin ndi Inis Oírr. Asodzi a m'magombe a Britain ankavala kale majuzi othina okhala ndi tizingwe, koma juzi ya Aran monga tikuidziwira lero, yaulusi wosanyika utoto ndi zingwe zikuluzikulu thupi lonse, ndi ya m'zaka za m'ma 1900. Alice Starmore, katswiri wa zoluka wa ku Scotland, anafotokoza zimenezi m'buku lake la Aran Knitting la mu 1997 atafufuza majuzi akale osungidwa ku Dublin.

Nthano ya msodzi womira anthu ambiri amaigwirizanitsa ndi sewero la J. M. Synge la mu 1904, Riders to the Sea, momwe mtsikana amazindikira kuti mlongo wake ndiye anamira ataona sokosi imene analuka yekha. Inali sokosi, ndipo anaizindikira powerenga masitichi ake. Matanthauzo opatulika a zingwe zosiyanasiyana anawafalitsa kwambiri Heinz Kiewe, wogulitsa ulusi ku Oxford. Majuziwo anatchuka ku America gulu loimba la Clancy Brothers litawavala pa pulogalamu ya Ed Sullivan mu 1961.

Kwa ine zoona zake n'zosangalatsa kuposa nthanoyo. Amayi a pazilumbapo ankaonerana zingwe, kuzisakaniza, ndi kuzikonza kuti zikwane munthu amene ankamulukira. Ndiye mukasintha pateni yanu simukuphwanya mwambo uliwonse.

Ndigule ulusi wanji?

Wa ubweya wa nkhosa, ngati mungaupeze. Ubweya umatanuka n'kubwerera, choncho popota chingwe masitichi amalola, ndipo juzi ikatha zingwe zimaima bwino osaphwatalala. Umathanso kumwa chinyontho chochuluka munthu osamva kunyowa, chinthu chimene aliyense woyenda m'chiperoni ku Thyolo kapena ku Mulanje angachiyamikire. Sankhani ulusi wosalala, wopotedwa nkhosi zingapo, wamtundu wowala. Ulusi wakuda, wamawangamawanga kapena waubweya wonyankhalala umabisa ntchito yonse imene mwavutikira.

Pa kanenepedwe, ulusi wotchedwa aran umalukidwa ndi singano za mamilimita 5 ndipo umapereka masitichi pafupifupi 18 pa masentimita 10. Wotchedwa DK ndi wocheperako: singano za mamilimita 4, masitichi pafupifupi 22. Amene ali ku Britain kapena ku Johannesburg m'nyengo yozizira woyambawo uwayenera. Pa Juni ndi Julayi wa ku Dedza kapena ku Mzuzu, ine ndingasankhe DK, chifukwa zingwe zimaunjikiza nsalu kawiri ndipo juzi ya aran yodzaza zingwe imatha kukhala m'kabati chaka chonse kudikira masiku ochepa.

Werengani mamita olembedwa pa pepala la ulusi, chifukwa mipukutu imasiyana kutalika. Juzi ya zingwe ya munthu wamkulu nthawi zambiri imadutsa mamita 1,000. Gulani wonse nthawi imodzi, nambala ya utoto ikhale yofanana, ndipo onjezerani mpukutu umodzi.

Ulusi wopezeka kwambiri m'misika yathu ndi wa acrylic. Umalukika ndithu, ndi wotchipa, ndipo suvuta kuchapa. Koma sumvera pouwongola ndi madzi monga ubweya, ndipo simbi yotentha ikaukhudza zingwe zimagona osadzukanso.

Nanga kumasula juzi ya pa kaunjika n'kutengako ulusi?

Ndi njira yabwino kwambiri yopezera ubweya weniweni pamtengo wotsika. Tembenuzani juziyo muone misoko. Ngati m'mphepete mwa nsalu munadulidwa n'kuzunguliridwa ndi makina, isiyeni, mudzangopeza tiziduswa ta mzere umodziumodzi. Ngati zigawo zinalukidwa pazokha n'kulumikizidwa ndi kaunyolo ka ulusi, itengeni: mukapeza nsonga ya kaunyoloko, msoko wonse umamasuka ndi chikoka chimodzi. Yokhakhala, imene masitichi ake sakuonekanso bwino, inaphatana kale pochapa ndipo singamasuke.

Chizindikiro cha pakhosi chikafufutika, dulani kaulusi muyatse ndi machesi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera, umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka ndi zala. Acrylic amasungunuka n'kusiya kachibulumwa kakuda kolimba. Ulusi womasulawo umakhala wopiringizika. Uzungulizeni kumsana kwa mpando, mangani malo angapo, unyikeni m'madzi ozizira, muupachike pamthunzi mpaka uwongoke.

Pateni ikuti ndiyambe ndaluka kansalu koyesera. Si kutaya nthawi ndi ulusi kumeneko?

Ayi, ndipo pa nkhani yonseyi apa ndi pamene sindingagonje. Anthu awiri, ulusi umodzi, singano zofanana, amatulutsa nsalu zosiyana, chifukwa wina amakoka ulusi, wina amautayirira. Taonani masamu ake. Pateni ikuti masitichi 18 pa masentimita 10, inu mukuluka 19. Kusiyana kwa sitichi imodzi yokha. Koma pa masitichi 200 ozungulira thupi, mwini pateni anapeza masentimita 111, inu mupeza 105. Masentimita 6 amenewo ndi amene amachititsa mabatani kukokana.

Kansaluko kakhale kokulirapo, masentimita 15 kapena 20 mbali zonse, ndipo mukhale zonse ziwiri: chingwe chilichonse chimene chili mu pateni, ndi masitichi odzazira a m'mbali. Mukatha, kachapeni monga mudzachapire juzi, kaume pamalo athyathyathya, ndiye muyeze. Kuyeza kosachapa kumanamiza, makamaka pa ubweya wolembedwa kuti superwash, umene umakula ukanyowa. Ikani kansaluko patebulo osakakoka, bayani mapini awiri motalikirana masentimita 10 pakati pake, muwerenge masitichi, ndi theka lomwe. Werenganinso mizere. Kenako yezani m'lifupi mwa chingwe chilichonse pachokha, mulembe m'kope: chingwe chakuti, masitichi mwakuti, masentimita mwakuti.

Masitichi akachuluka kuposa a mu pateni, tengani singano zokulirapo. Akachepa, zocheperapo. Koma mukaona kuti nsalu imene mwapeza ikukusangalatsani ngakhale siikufanana ndi pateni, isungeni, musinthe manambala m'malo mwake. Tifikako.

Ndisankhe saizi iti?

Musayang'ane zilembo za S, M kapena L. Yang'anani chithunzi cha miyezo ya juzi yomalizidwa. Njira yachidule ndi kutenga juzi imene mumaikonda kale, kuiyala pansi, kuyeza m'lifupi pansi pa khwapa, kutalika kwake, ndi mikono. Juzi ya mabatani imavalidwa pamwamba pa zovala zina, ndipo nsalu ya zingwe ndi yochindikala, choncho isiyireni mpata wa masentimita 5 mpaka 10 kuposa chifuwa chanu.

Kwa amayi achifuwa chachikulu pali msampha. Mukasankha saizi potengera pamene chifuwa chakulira kwambiri, mapewa adzagwa ndipo khosi lidzayasama. Yezani pamwamba pa mabere, tepi idutse m'khwapa, musankhe saizi yokwana mapewa. Mapewa ndi amene amanyamula juzi yonse, ndipo ndi ovuta kuwakonza pambuyo pake. Kwina konse kumawonjezereka mosavuta.

Thupi langa lili pakati pa masaizi awiri, ndipo kansalu kanga sikakufanana ndi pateni. Ndisinthe pati?

Zingwe zisiyeni monga zilili. Kusintha kumachitika pa masitichi odzazira, a m'mbali mwa juzi pansi pa khwapa, ndipo pang'ono pa masitichi a purl olekanitsa zingwe. Opanga mapateni nawonso amachita chimodzimodzi: mukayerekeza masaizi awo, mupeza kuti zingwe zapakati nthawi zambiri n'zomwezo, chimene chakula ndi m'mbali.

Tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Chifuwa ndi masentimita 100, mukufuna juzi ya 108. Ndiye kuti kumsana kukhale masentimita 54. Kope lanu likuti chingwe chachikulu chapakati n'cha masitichi 40 ndipo chimatenga masentimita 16. Zing'onozing'ono ziwiri za m'mbali mwake, chilichonse masitichi 12, zimatenga masentimita 5 chilichonse. Zingwe zonse pamodzi ndi masitichi 64, masentimita 26. Pa 54 mukachotsa 26 patsala masentimita 28. Masitichi odzazira mukuluka 18 pa masentimita 10, ndiye 28 kuchulukitsa ndi 1.8 zikupereka 50, kutanthauza 25 mbali iliyonse. Onjezani sitichi imodzi uku ndi uku yodzalowa mumsoko. Zonse pamodzi, masitichi 116.

Tsopano taonani chimene chikanachitika mukanaiwala kuti zingwe zimakoka. Mukanati masentimita 54 kuchulukitsa ndi 1.8, mukanayamba ndi masitichi 97. Zingwe zikanatenga 64 awo, n'kusiya 33 okha odzazira, ndipo msana wonse ukanakhala masentimita 44. Masentimita 10 asowa kumsana kokha, kutsogolo osawerengera.

Zigawo ziwiri za kutsogolo muziwerengere mofananamo, koma kumbukirani lamba wa mabatani. Malamba awiriwo amasanjikizana, ndiye amawerengedwa ngati mmodzi. Lamba akakhala wa masentimita 3, chotsani pa 54, zotsalazo mugawe pawiri: masentimita 25 ndi theka chigawo chilichonse.

Chenjezo limodzi. Masitichi amene mwawonjezera m'mbali ayenera kuchoka mukafika m'khwapa, kuti m'lifupi mwa mapewa mubwerere pa saizi imene munasankha. Mukawonjezera anayi mbali imodzi, pochepetsa m'khwapa muchotse anayi owonjezera. Ndipo ngati kusiyana kuli kwakukulu moti m'mbali mukuoneka chigwa chopanda kanthu, ikanipo kachingwe kena kakang'ono, mutakayeza kaye.

Elizabeth Zimmermann, amene buku lake la Knitting Without Tears linatuluka mu 1971, ankalimbikitsa oluka kuchita zimenezi: kuyeza nsalu yawo, kuyeza thupi, n'kudziwerengera okha masitichi. Masamu ake ndi a kupulayimale.

Nanga kutalika kwa juzi ndi mikono?

Kutalika kuwonjezereni kapena kukuchepetsa pakati pa mkombero wam'munsi ndi khwapa. Ngati chingwe chachikulu chimabwereza pakatha mizere 16, ndi bwino kusintha ndi mizere 16 yathunthu, kapena theka lake, kuti pofika paphewa chingwe chithere pamalo ooneka bwino ndipo kutsogolo ndi kumbuyo zikumane mofanana. Kumbukiraninso kuti juzi yolemera imatsika ikavalidwa, ndiye musaitalikitse mopitirira.

Mikono imafuna pensulo. Tinene kuti padzanja pali masitichi 44, pamwamba pafunika 76. Kusiyana ndi 32, ndipo popeza mumawonjezera awiri pa mzere umodzi, mizere yowonjezerapo ndi 16. Pateni ili ndi mkono wa masentimita 40, mizere 24 pa masentimita 10, kutanthauza mizere 96: kuwonjezera pa mzere wachisanu ndi chimodzi uliwonse. Inu mkono wanu ndi waufupi, masentimita 35, mizere 84. Mukangotsatira pateni n'kuima pa 35, mkono udzathina pamwamba chifukwa masitichi sanakwane. Yankho ndi kuwonjezera mothinana: maulendo 8 pakatha mizere 4 iliyonse, maulendo 8 pakatha mizere 6 iliyonse. Zikukwana mizere 80, ndipo inayi yotsalayo mumaluka osawonjezera.

Juzi zanga zimakwera kutsogolo chifukwa cha chifuwa. Pali chochita?

Chilipo. Kutsogolo kumafunika nsalu yotalikirapo kuposa kumbuyo, koma misoko ya m'mbali iyenera kufanana. Mumagwiritsa ntchito mizere yosafika kumapeto: mumayamba kumbali ya mabatani, mumaluka kulowera kukhwapa, mumatembenuka musanafike, n'kubwerera. Ulendo uliwonse mumatembenukira pafupi ndi mabatani kuposa poyamba. Pamapangika kansonga kotambalala kutsogolo, kosongoka kumbali. Chitani zimenezi masentimita ochepa pansi pa khwapa.

Pa juzi ya zingwe, malo otembenukira akhale m'masitichi odzazira, osati m'kati mwa chingwe, ndipo pitirizani kupota zingwe pa nthawi yake. Ngati pali kachingwe ka kumbali kamene mizere ina siikukafikira, kawerengereni mizere yake pakokha mpaka mutabwerera pa mizere yathunthu.

Mkombero wam'munsi ukuyanzika, ndipo paphewa pakutambasuka. Chalakwika n'chiyani?

Ndi kukoka kwa zingwe komwe kuja. Mkombero ukakhala ndi masitichi ofanana ndi a thupi, umakhala waukulu kuposa nsalu ya zingwe pamwamba pake. Yambani mkombero ndi masitichi ochepa komanso singano zocheperapo, ndipo pa mzere womaliza onjezani masitichi pamene chingwe chilichonse chiyambire, mmodzi kapena awiri pa chingwe cha masitichi 6. Pomaliza paphewa ndi pakhosi chitani zotembenuza: lukani masitichi awiri pamodzi pamwamba pa chingwe chilichonse uku mukutseka.

Ndangoona kuti chingwe china ndinachipotera mbali yolakwika mizere 10 m'munsi. Ndimasule zonse?

Musamasule. Lukani mpaka mufike pa chingwe chimenecho, mutsitse pa singano masitichi ake okha, muwalole amasuke kutsika mpaka pa mzere wolakwikawo. Kumbuyo kutsala tizingwe ta ulusi topingasa, kamodzi pa mzere uliwonse. Ikani masitichiwo pa kasingano, muwasinthanitse moyenera, kenako muwalukenso kukwera, mzere ndi mzere, potenga kaulusi kam'munsi kwambiri nthawi iliyonse. Kasingano kangowe kamathandiza. Chitani masana, patebulo, mtima uli m'malo. Masitichi ataoneka osalingana musadandaule, kuchapa kudzawakonza.

Kupewa kwake n'kosavuta: kolekani kaulusi kamtundu wina pa mzere uliwonse wopota. Ndipo kumbukirani kuti zigawo za kutsogolo zimayang'anizana, chingwe cha kumanja chikapendekera kumanja, cha kumanzere chipendekere kumanzere. Kumeneko si kulakwitsa.

Lamba wa mabatani amandivuta. Nthawi zina amapindika, nthawi zina amakoka juzi.

Zonsezi ndi nkhani ya kuchuluka kwa masitichi amene mwatola m'mphepete. Akachuluka, lamba amachita mafunde. Akachepa, amakwinya juzi. Poyambira pabwino ndi kutola masitichi atatu pa mizere inayi iliyonse, ndi singano zocheperapo, koma yesani kaye m'mphepete mwa kansalu koyesera kaja. Lukani lamba wosokererapo mabatani poyamba, muike zizindikiro, ndipo batani limodzi likhale pamene chifuwa chakulira kwambiri, ena atalikirane kuchokera pamenepo. Ndiye mulukire mabowo moyang'anizana nazo. Mwachizolowezi mabowo a juzi ya amayi amakhala kumanja kwa wovala, ya abambo kumanzere. Bowo likhale lothina pang'ono, chifukwa limakula ndi kugwiritsa ntchito, ndipo batani lolemera limagwetsa lamba.

Ena amakonda kuluka juzi yonse popanda msoko. Pa juzi yopepuka palibe vuto, koma ya zingwe ndi yolemera, ndipo misoko ya paphewa ndi m'mbali ndi imene imaigwira kuti isatsike. Chapani ndi kuyanika zigawo zonse pa miyezo yake musanasoke, ndipo musanasokeretu zilumikizeni ndi mapini muyese kuvala.

Ndiziichapa bwanji kuti isafupike?

Ubweya umaphatana pakakumana zinthu zitatu: madzi otentha, sopo, ndi kufikisa. Zikatero juzi imafupika, imalimba, ndipo sibwereranso. Choncho pamwala wochapira isafikepo. Inyikeni m'beseni la madzi ozizira kapena ofunda pang'ono okhala ndi sopo wofewa kwa mphindi 15, muifinye pang'onopang'ono ndi manja, mutsukuluze ndi madzi ofanana kutentha kwake. Poitulutsa inyamuleni yonse pamodzi, isalendewere. Ikulungeni m'thaulo, mupondepo kuti madzi atuluke, muiyale pamthunzi pa thaulo louma, muyeze ndi tepi kuti ibwerere pa miyezo yake, zingwezo muzitsine ndi zala kuti ziime. Pachingwe choyanikira imatalika, ndipo pa hang'ala mapewa amatuluka nyanga.

Ubweya sufuna kuchapa pafupipafupi, kuuyala pamphepo usiku umodzi kumachotsa fungo. Koma chisanu chikatha, ichapeni musanaisunge, chifukwa mphutsi za njenjete zimakonda ubweya wokhala ndi thukuta ndi madontho a chakudya. Ikauma bwinobwino ipindeni, muiike m'thumba lotseka pamodzi ndi ulusi wotsala, umene mudzaufune tsiku limene chigongono chidzayambe kuperepeseka.